Tsiku limodzi ku Addis Ababa: mzinda kapena Debre Libanos?

Funso: Ndimagwira ntchito ku kopaletivi ya alimi a soya ndi mtedza kuno ku Kasungu, ndipo mu Novembala andituma ku msonkhano ku Addis Ababa. Loweruka tidzakhala tilibe zochita. Ndapeza maulendo awiri okaona malo. Woyamba ndi wa minibasi, wotchipa, ndipo akuti tsiku limodzi lomwelo tidzaona malo 9 mumzinda, kenako nyumba ya amonke ya Debre Libanos. Wachiwiri ndi wa galimoto yapadera, mtengo wake pafupifupi kawiri, koma akungotchula phiri la Entoto, Debre Libanos ndi mlatho wina wakale. Ndine wa Chigwirizano ndipo ndikufunitsitsa kuona mmene Akhristu akumeneko amapempherera, koma mzindawonso sindinauonepo. Ndisankhe uti?

Yankho: Mayi, tengani wachiwiriwo, bola akutsimikizireni kuti msewu uli bwino sabata imeneyo. Ndayendetsapo magulu a mipingo ndi a mabungwe ku Addis Ababa kangapo, ndipo ulendo wa malo 9 uja ndikuudziwa mmene umathera. Anthu amabwerera ku hotela usiku, miyendo itatupa, foni itadzaza zithunzi zojambula pa windo, ndipo mukawafunsa dzina la woyera mtima amene anayambitsa nyumba ya amonkeyo amangoyang'anana.

Tiyeni tiwerenge maola kaye, chifukwa otsatsa malonda amawerenga malo okha. Kuchoka ku Addis Ababa kukafika ku Debre Libanos ndi makilomita oposa pang'ono 100, chakumpoto. Ndi mtunda wonga wochoka pa Kasungu boma, kudutsa Chinkhoma, Madisi, Mponela, kukafika pa Lumbadzi pamene mudzakwerere ndege. Inuyo mukudziwa kuti ulendo umenewu munthu saupanga ngati wokagula mchere kugolosale. Tsono wakumenekowo uli ndi zake: muyenera kutuluka kaye mumzinda wa anthu mamiliyoni, kukwera phiri la Entoto, kudutsa Sululta, Chancho ndi Muke Turi pamsewu wodzaza malole ndi ngolo za akavalo, ndiye musanafike ku tauni ya Fiche mukhotere kumanja n'kutsika kuchigwa. Maola awiri ndi theka kupita, enanso otero kubwerera. Maola asanu apita muli chikhalire m'galimoto.

Mukanyamuka 7 koloko m'mawa, dzuwa likalowa cha m'ma 6 koloko madzulo, mwatsala ndi maola 6. Tchalitchi chachikulu ndi nyumba yake yosungiramo zakale zimafuna ola ndi theka ngati mukumvetsera. Kukwera kuphanga limene woyera mtima uja ankapempheramo ndi kubwerako, ola lina. Kumlatho ndi kuphompho, ola linanso. Nkhomaliro, ola. Mwatsala ndi ola ndi theka, ndipo malo 9 aja akuti alowe mmenemo, pamene nyumba zambiri zosungiramo zakale mumzinda zimatseka cha m'ma 5 koloko. Ndiye akampani yotchipayo amachita chimodzi mwa ziwiri. Mwina amakuzungulitsani mumzinda m'mawa, dalaivala n'kumaloza ndi chala kuti uko ndi ku African Union, apa ndi pa Meskel Square, uwo ndi msika wa Merkato, osatsika, ndipo kwa amonke mumakafika dzuwa litapendeka, wansembe wosunga kiyi atapita kukapuma. Mwina amayamba ndi kwa amonke n'kukupatsani mphindi 40. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Mawu oti mudzawayang'anitsitse pa chikalata cha ulendo ndi awa: malo aliwonse alembedwa kuti mudzalowa, kapena mudzangodutsa? Auzeni akulembereni pa WhatsApp nthawi yonyamuka, nthawi yofika ku Debre Libanos, ndi nthawi yochokako. Kampani yoona mtima imayankha ndi manambala. Ina imangoti musadandaule, zonse tidzaona.

Tsopano za msewu, ndipo izi musazitenge mopepuka. Dera limene mudzadutse, la North Shewa m'chigawo cha Oromia, lakhala ndi mavuto a chitetezo m'zaka zaposachedwapa. Pamsewu womwewu, makamaka chakutsogolo cha ku Gebre Guracha, anthu okhala ndi mfuti akhala akuimitsa mabasi n'kugwira apaulendo kuti abale awo alipire ndalama. Nthawi zina kumakhala bata miyezi ingapo, nthawi zina ayi. Wogulitsa ulendo ali ndi chifukwa chokuuzani kuti kuli bwino, choncho musafunse iye yekha. Funsani okonza msonkhano wanu, amene ndi eni dziko ndipo ali ndi udindo pa moyo wanu, ndiponso ofesi ya kazembe wa Malawi yomwe ili mu Addis Ababa momwemo. Funsani Lachinayi kapena Lachisanu, osati mwezi uno muli ku Kasungu. Ndipo pokambirana mtengo gwirizanani kuti msewu ukakhala wosayendeka, ndalama zanu adzabweza kapena adzasintha ulendo kukhala wa mumzinda. Ngakhale kuli bata, mudzachoke kwa amonke pofika 3 koloko masana kuti mdima usakupezeni panjira. Ichi chokha chikukwanira kukanira minibasi ija, pakuti ulendo woyamba ndi mzinda ndiye umabwerera usiku.

Mwina mukudzifunsa ngati malowo ndi oyeneradi mavuto onsewa. Kwa munthu amene wandilembera kuti akufuna kuona mmene Akhristu akumeneko amapempherera, ndikuti inde.

Ife kuno tikanena za chiyambi cha mpingo timatchula Mvera mu 1889, Nkhoma mu 1896, Mua mu 1902, ndipo timaona kuti ndi kale kwambiri. Ku Ethiopia Chikhristu chinalandiridwa ndi mfumu Ezana ya ku Aksum m'zaka za m'ma 300, atsamunda asanalote n'komwe zobwera kuno. Debre Libanos inayambitsidwa ndi mmonke wotchedwa Tekle Haymanot, ndipo mbiri ya mpingo wawo imati munali mu 1284. Kuchokera pamenepo kufika pa Mvera ndi zaka zoposa 600. Poyamba malowo ankatchedwa Debre Atsbo, ndipo dzina la tsopanoli linaperekedwa m'nthawi ya mfumu Zara Yaqob m'zaka za m'ma 1400. Mkulu wa nyumbayi, amene udindo wake umatchedwa Ichege, kwa zaka mazana ambiri ndiye anali mutu wa amonke onse a m'dzikomo, wachiwiri kwa bishopu wamkulu amene masiku amenewo ankachokera ku Egypt.

Mukadzalowa mudzaona chithunzi cha munthu wa ndevu, wa mapiko 6, ataima ndi mwendo umodzi, mwendo winawo uli pambali. Ameneyo ndiye Tekle Haymanot. Okhulupirira amasimba kuti anaima m'phanga kupemphera zaka zambiri osakhala pansi mpaka mwendo umodzi unathyoka, iye n'kupitiriza zaka zina 7 ndi wotsalawo. Inu a Chigwirizano simuphunzitsidwa kupempha kudzera mwa oyera mtima, ndipo palibe amene adzakukakamizeni. Koma mudzamvetse kuti kwa mayi amene wagwada pafupi nanu, atagunditsa chipumi pakhoma la tchalitchi, nkhani imeneyi si nthano ya kamdothi.

Tchalitchi chimene chilipo lero si chakale ayi, ndipo alendo ena amakhumudwa nacho chifukwa amayembekezera makoma a zaka 700. Chinamangidwa mu 1961 molamulidwa ndi mfumu Haile Selassie, yemwe uja dzina lake lili pa msewu wina ku Blantyre ndipo malo oonerapo patali otchedwa Emperor's View pa phiri la Zomba amakumbutsa za kubwera kwake. Nyumba zakale zinatenthedwa kalekale, mu 1531, pa nkhondo ya mtsogoleri wachisilamu Ahmad Gragn. Chakale chimene chatsala ndi phanga, mabuku a zikopa olembedwa pamanja m'chinenero cha Ge'ez, mitanda ndi zisoti zachifumu zimene zili m'nyumba yosungiramo zakale, ndiponso mapempherowo, amene sanasinthe chinenero mpaka lero.

Kuphanga n'kumene ndimafuna aliyense akafike. Mumadutsa kamtsinje n'kuyamba kukwera pa miyala, mphindi 20 kwa munthu wamphamvu, theka la ola kwa ena tonsefe. Panjirapo mumakumana ndi amayi ovala nsalu zoyera atabereka zigubu zachikasu, ngati zija za mafuta ophikira zimene timatungira madzi pa mjigo. Akukatunga madzi odontha m'phangamo, amene iwo amawatcha tsebel, madzi odalitsika, kuti akamwetse odwala kwawo. Ulendo wina ndinapeza bambo atanyamula mwana wamkulu ndithu, wa zaka ngati 10, pamapewa, miyendo ya mwanayo ikulendewera yopanda mphamvu. Ankapuma pa mwala uliwonse waukulu, n'kumupukuta thukuta mwanayo ndi nsonga ya nsalu yake, iye mwini thukuta lili kamukamu. Pakhomo la phanga panakhala mmonke wokalamba wa mkanjo wachikasu, atagwira mtanda wamtengo, ndipo aliyense wofika ankaweramira mtandawo n'kuupsompsona. Gulu langa, anthu olongolola m'galimoto monse muja, linangoti zii. Zimenezi munthu wa mphindi 40 sazipeza, chifukwa iye amathera pabwalo la tchalitchi pomwe pali ogulitsa makandulo.

Pali chinanso chimene wokutsogolerani ayenera kukuuzani, ndipo ndi muyeso wabwino woyesera ngati akudziwa ntchito yake. Italy italanda Ethiopia, pa 19 Febuluwale 1937 anyamata awiri anaponya mabomba kufuna kupha Rodolfo Graziani, amene ankalamulira dzikolo moimira Mussolini, mtsogoleri wa Italy. Anapulumuka, ndipo kubwezera kwake kunapha anthu zikwizikwi mu Addis Ababa m'masiku atatu. Kenako anaganizira amonke a ku Debre Libanos kuti anabisa anyamatawo. Mu Meyi chaka chomwecho, pa nthawi ya chikondwerero cha Tekle Haymanot pamene anthu anali atasonkhana, asilikali anazinga malowo, natenga amonke ndi madikoni pa malole n'kukawawombera. Lipoti la Graziani mwini linawerenga amonke 297, koma ofufuza mbiri amene anadzafunsa mboni pambuyo pake anapeza kuti ophedwa anaposa 1,000. Mukamayenda pabwalopo mukuyenda pamalo a maliro. Musanalipire, mufunseni munthu amene adzakuperekezeniyo kuti ku Debre Libanos kunachitika chiyani mu 1937. Akakayika, ameneyo ndi dalaivala chabe, ndipo mudzafunika wina wokufotokozerani.

Nkhani ya wotsogolera alendoyi ndiyo imasiyanitsa mitengo kwambiri kuposa mtundu wa galimoto. Makampani ena amatumiza munthu mmodzi, yemweyo woyendetsa yemweyo wofotokoza, Chingelezi chake chongokwanira kunena nthawi yobwerera kugalimoto. Ena amatumiza awiri. Funsani kuti adzakhala angati, funsani ngati wofotokozayo ali ndi chiphaso cha ntchitoyo, ndipo pemphani kulankhula naye pafoni mphindi ziwiri zokha. Chingelezi cha ku Ethiopia ndi chathu zimasiyana kamvekedwe, ndipo ndi bwino kudziwiratu ngati mukumvana. Ine ndimakonda wotsogolera amene iye mwini ndi wa mpingo wa Orthodox Tewahedo, mpingo wa amonkewo, chifukwa amadziwa khomo lolowera amayi, nthawi yoyenera kukhala chete, ndi mmene angapemphere wansembe kuti akutsegulireni. Ameneyo adzakuonetsani ndodo zazitali zimene oimba amatsamira pa mapemphero a usiku wonse, ng'oma yaikulu yotchedwa kebero, ndi chipinda chamkati chotchingidwa ndi nsalu m'mene mumakhala tabot, chifaniziro cha magome a m'Likasa la Chipangano, momwe salowamo wina aliyense koma ansembe ndi madikoni.

Za kavalidwe inu simudzavutika, pakuti mayi wa Chigwirizano amadziwa kale kuvalira nyumba ya Mulungu. Tengani chitenje ndi duku, kapena mpango waukulu woyera wophimba mutu ndi mapewa. Nsapato amavula pakhomo, choncho valani masokosi, pansi pamazizira. Amuna amaima kwawo, amayi kwawo. Mgonero ndi wa a mpingo wawo okha. Palinso lamulo lolembedwa poyera limene ndi bwino ndikuuzeni ine kusiyana n'kuti mukadzidzimuke nalo pakhomo: mayi amene ali kumwezi salowa m'tchalitchi, chimodzimodzinso mwamuna kapena mkazi amene wakhalira pamodzi ndi mnzake m'masiku awiri apitawo. Palibe amene amafufuza, amasiyira chikumbumtima chanu. Ife amene tinakula tikuona amayi athu akuitana mwana kuti adzathire mchere m'ndiwo masiku ena sitingadabwe nazo kwambiri. Mungagwirizane nalo kapena ayi, ndi pakhomo pa eni, ndipo tsiku likakugwerani molakwika mukhoza kuonabe bwalo, nyumba ya zakale ndi phompho.

Zithunzi pemphani kaye. Odwala ndi opemphapempha amakhala ambiri m'mbali mwa njira yolowera, ena anabwera kudzafuna machiritso n'kukhaliratu. Musawajambule. Sinthiranitu ndalama zing'onozing'ono ngati mukufuna kuwagawira.

Onaninso tsiku. Pa 24 mwezi uliwonse wa kalendala yawo amakumbukira Tekle Haymanot, ndipo mu Novembala tsikuli limagwa pa 3 kapena pa 4. Loweruka lanu likakhala pafupi ndi pamenepo mudzapeza khamu lalikulu, mabasi odzaza, ndi kuimba kumene simudzakuiwala, koma kuyenda kudzakhala kochedwa ndipo m'nyumba ya zakale mwina simudzalowa mwamtendere. Kwa zimene inu mukufuna, ine ndingakondwere nalo khamulo.

Mlatho umene autchulawo amautcha Portuguese Bridge. Ambiri adzakuuzani kuti anamanga Apwitikizi m'zaka za m'ma 1500, koma akatswiri a mbiri amati unamangidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi Ras Darge, mbale wa mfumu Menelik. Mlathowo ndi waung'ono. Chachikulu ndi phompho la mtsinje wa Jemma, umene madzi ake amakathira mu Blue Nile, ndiponso anyani otchedwa gelada, a chigamba chofiira pachifuwa, amene amadya udzu atakhala pansi ngati anthu akuzula mtedza ndipo sapezeka kwina kulikonse kunja kwa mapiri a Ethiopia. Mu Novembala mvula yawo, imene imagwa kuyambira Juni mpaka Seputembala, imakhala italeka, mathithi achepa koma kumwamba kuli mbee. Pamenepa pamakhala polipira pakepake ndi anyamata akumaloko operekeza alendo, ndiye funsiranitu ngati zili mumtengo.

Ndafika pa ndalama. Mtengo wotsika nthawi zambiri umakhala wa galimoto yokha. Polowa m'tchalitchi ndi m'nyumba ya zakale mumalipira, kumlatho mumalipira, nkhomaliro ndi madzi mumagula, ndipo mukaphatikiza mumapeza kuti kusiyana kwa maulendo awiri aja kwachepa. Auzeni onse awiri akulembereni zimene zili mkati ndi zimene zili kunja, ndipo muyerekeze pamenepo. Galimoto yapadera imalipiridwa yonse, osati pa mutu, choncho mukapeza anzanu awiri kapena atatu pa msonkhanopo mtengo wa aliyense umatsika mpaka kufanana ndi wa minibasi. Lolemba pa tiyi yambani kufunsa, simudzasowa wa ku Zambia kapena ku Kenya amene akufunanso kupita. Musatumize ndalama zonse muli kuno. Madola ndi osowa kwathu kuno, mwavutikira kuwapeza kubanki, ndiye musawapereke kwa munthu amene mwangomuona pa Facebook. Lipirani kachigawo mukafika ndipo mwaonana naye ku hotela, zotsalazo pa tsikulo. Kwacha kumeneko sasintha. Ndalama yawo ndi birr, sinthani kubanki kapena pamalo ovomerezeka ndipo sungani lisiti.

Pali msampha wina umene unandigwira ine ndemwe. Anthu a ku Ethiopia amawerenga maola kuyambira m'bandakucha, ngati mmene amachitira a Chiswahili, zimene amalonda opita ku Kyela ndi ku Dar es Salaam amazidziwa. Imene ife timati 7 koloko m'mawa iwo amati 1 koloko, ndipo 6 koloko m'mawa ndi 12 koloko. Ulendo wanga woyamba ndi gulu la akuluampingo a ku Mchinji, dalaivala anandiuza pafoni kuti adzatitenga 12 koloko. Ndinadandaula mumtima kuti n'kuchedwa, koma ndinauza gulu kuti ligone mokwanira. Kunja kusanayere bwino, wa pa hotela anagogoda kuti galimoto yafika. Abambo ena anali asanasambe, amayi ena anali atachapa zovala zoti avale. Tinanyamuka 8 koloko itadutsa, tinakodwa mumzere wa magalimoto potuluka mumzinda, ndipo kuphanga tsiku limenelo sitinafike. Bambo wina wachikulire, amene anagulitsa ng'ombe kuti apite nawo, anangoima m'munsi kuyang'ana njira yokwerayo osanena kanthu, ndipo mpaka lero zimandipweteka. Choncho nthawi iliyonse imene akuuzani, funsani kuti ndi ya Chiethiopia kapena ya pafoni. Kumbukiraninso kuti iwo ali patsogolo pathu ndi ola limodzi, ndipo lisiti likaonetsa chaka chotsalira ndi zaka 7 kapena 8 si lachinyengo, kalendala yawo ya miyezi 13 ndi yotero.

Thupi nalonso lidzakuuzani kuti mwachoka kwanu. Addis Ababa ali pamtunda wa mamita oposa 2,300, kupitirira nsonga ya phiri la Dedza, ndipo pamwamba pa Entoto mpofanana ndi pa Sapitwa kapena kuposerapo. Mpweya umapepuka, masitepe ochepa okha mtima uli thithithi. Mwayi wanu ndi woti Loweruka mudzakhala mutakhalako masiku angapo. Ngati muli ndi BP kapena mphumu, mankhwala akhale m'chikwama cha m'manja, ndipo kuphanga kwerani mwapang'onopang'ono. M'mawa kumazizira ngati Juni wa kwathu, tengani juzi. Chakudya ndi injera, chonga chitumbuwa chachikulu chopyapyala chowawasa, chopangidwa ndi ufa wa mbewu yotchedwa teff, ndipo amadya ndi manja ngati nsima, ndi dzanja lamanja. Lachitatu ndi Lachisanu a Orthodox sadya nyama, mazira kapena mkaka, ndipo kumapeto kwa Novembala amayamba kusala kokonzekera Khirisimasi yawo ya pa 7 Januwale, choncho pafupi ndi nyumba ya amonke yembekezani ndiwo za nyemba, mphodza ndi masamba. Nyama yaiwisi, imene iwo amaikonda kwambiri, ilekeni ngati mawa lake mukukwera ndege.

Nanga mzinda? Simudzautaya wonse. Ulendo wachiwiriwo ukudutsa pa Entoto, ndipo mbiri ya mzindawo inayambira pomwepo. Menelik II anali ndi likulu lake paphiripo, ndipo anavekedwa ufumu wa dziko lonse m'tchalitchi cha Entoto Maryam mu 1889. Mkazi wake Taytu ndiye anakonda kumunsi kumene kuli akasupe a madzi otentha, mu 1886, natcha malowo Addis Ababa, kutanthauza duwa latsopano. Mitengo ya bulugama imene yadzaza phirilo inabwera m'nthawi ya Menelik pofuna kuthetsa kusowa kwa nkhuni, ndipo mudzakumana ndi amayi akutsika ndi mitolo ya nkhuni yotalika kuposa iwo eni. Pemphani kuti muime pamenepo theka la ola popita, kukadali m'mawa, mzinda wonse uli pansi panu.

Zotsalazo zitoleni pang'onopang'ono mkati mwa sabata. Misonkhano yambiri imaweruka masana ena msanga, ndipo malo awiri ofunika kwambiri ali pafupi ndi pafupi, dera la Arat Kilo ndi Amist Kilo. Ku National Museum kuli Lucy, amene iwo amamutcha Dinkinesh, mafupa a cholengedwa chofanana ndi munthu, a zaka pafupifupi 3.2 miliyoni, amene anapezeka ku Hadar mu 1974. Amene amaonetsa alendo nthawi zambiri ndi chifanizo chake, enieniwo amasungidwa mosamala. Ku Holy Trinity Cathedral kuli manda a Haile Selassie, amene anamwalira mu 1975 ali m'manja mwa boma la asilikali la Derg koma anadzaikidwa mwaulemu m'chaka cha 2000. Malo awiriwa maola atatu akukwanira pa takisi. Ku Merkato musapite nokha ndiponso musapite mothamanga, ndi msika waukulu kwambiri ndipo opisa m'matumba ndi akatswiri. Monga munthu wa kopaletivi mudzafuna kuona mmene amagulitsira khofi, zokometsera ndiwo ndi mbewu, ndiye pezani mnzanu wakomweko wa pa msonkhano akuperekezeni. Wina akakuitanirani khofi wa mwambo, wokazinga pomwepo, wa lubani ndi mbuliwuli, dziwani kuti amathira katatu ndipo kuchoka pa kapu yoyamba n'kusalemekeza.

Akakuuzani kuti msewu wa kumpoto suli bwino, musaumirire. Sinthani tsikulo likhale la mzinda ndi Entoto, mulowe m'malo anayi okha modekha, ndipo Lamulungu m'mamawa, ngati ndege yanu ndi yamasana, pitani ku tchalitchi cha Orthodox chapafupi ndi hotela. Mapemphero amayamba kusanache. Mudzapeza anthu ovala zoyera ataima pabwalo ponse mpaka kumpanda, ambiri osalowa mkati, akutsatira pa zokuzira mawu. Imani nawo kumbali ya amayi, duku kumutu.

Uthenga wopita ku kampani yachiwiriyo ukhale ndi mafunso awa m'mawu anuanu: tidzanyamuka nthawi yanji pa wotchi ya pafoni, wofotokoza ndi wina kapena ndi dalaivala yemweyo, kuphanga tidzakwera kapena ayi, zolipira pakhomo zili mkati kapena kunja, tikakhala anayi mtengo ndi wotani, ndipo msewu ukatsekeka ndalama zanga zidzatani. Muwauzenso kuti mukufuna kunyamuka 6:30 m'mawa, osati 8 koloko.